Akuti Nzeru Zake Zili mu Okala

"Ndiuzeni zoona lero, bambo a Tiya. Mwanayu munamutani?"

Constance anaponya lipoti la kusukulu patebulo, pepalalo n'kukagunda kapu ya tiyi ya mwamuna wake. Ellard sanalitole. Anali ataliwerenga kale dzulo lake, ndipo zolembedwamo zinali zisanasinthe: mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyanjane, wa zaka khumi ndi chimodzi, anali nambala 143 pa ana 143. Chimenechi chinali chaka chake chachitatu mu Sitandade 2.

"Ndamutani bwanji? Kodi ine ndine mphunzitsi?"

"Musandizembe. Mukudziwa chimene ndikunena."

"Sindikuchidziwa. Nenani."

"Chabwino, ndinena. Pampope akuti nzeru za mwana wanga zili mu okala yanuyo. Akuti munakhwima. Akuti munthu amene dzana lomweli ankapala matabwa a eni ake ku Ndirande sangadzaze mashelefu ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira popanda kupereka kanthu kwa sing'anga. Ndiye kanthu kameneko ndi mutu wa Tiya."

Ellard anakankhira kapu ija pambali. Mawu amenewa sanali achilendo kwa iye. Anali atawamva akumudutsa kumbuyo pamsika, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Koma kuwamva m'nyumba mwake, kuchokera pakamwa pa mkazi amene ankadzuka naye m'bandakucha kukazinga mandasi oyambira geniyo, kunamupweteka mpaka m'mafupa. Zingwangwa ndi yotero, abale: ukasauka amakuseka, ukapeza kangachepe amafunsa kuti wapha ndani.

"Inunso, mayi a Tiya? Inu amene munaona mmene tinayambira?"

"Ine ndinaona mandasi. Kumene munkapita mukati mukukaoda katundu ku Limbe sindinakuone. Utsi sufuka popanda moto." Anatola lipoti lija n'kulipinda. "Ndatopa ine. Ndikafika pampope azimayi amadula nkhani. Ana a anzanga amene anayamba naye limodzi ali mu Sitandade 4. Wanga ngakhale dzina lake lenilenilo limamusokonekera."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Achimwene anabwera dzulo inu kulibe. Akuti temu ikubwerayi ndi yomaliza. Akalepheranso amutenga akakhale kumudzi ku Phalombe, kutali ndi okala yanu."

A Venansio, mlongo wake wa Constance, ndiwo anali mwinimbumba. Pa nkhani ya mwanayu mawu awo ankalemera kuposa a bambo womubereka. Ndipo Ellard ankadziwa bwino kuti mwana wopita kumudzi mwanjira imeneyo sakaonanso khomo la sukulu. Akakhala wotunga madzi ndi wolera ana a eni, mpaka tsiku limene chidakwa china chidzamupatse mimba.

Chitseko chinatsekuka pang'ono. Tiyanjane analowa cham'mbali atakumbatira kajumbo. Amayi ake anali atamutuma kumsika kuti akagule tomato, anyezi ndi usipa.

"Wabweretsa chiyani?"

"Tomato, amayi."

"Ndi chiyaninso?"

Mwana anasuzumira m'jumbo muja ngati mutuluka yankho. Munali tomato ndi mpiru.

"Ndinakutuma mpiru ine?"

"Eya. Ayi. Eya, amayi."

Umu ndi mmene ankayankhira Tiya: msangamsanga, chilichonse chimene chafika pakamwa, bola funso limuchoke. Kenaka ankatsinzina n'kukweza phewa kudikira pama. Tsiku limenelo pama silinabwere. Constance anangokhala pansi pomwepo, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje, n'kuyamba kulira.

Sabata yachiwiri ya temu, Ellard anasiya mkazi wake mu okala n'kupita kusukulu. Chiyambire boma la matipate kunena kuti pulayimale ndi yaulere, ana anali atasefukira m'masukulu ngati ngumbi. Kalasi la Tiya linali pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Ana a kutsogolo ankamva, a pakati ankamva theka, a kumbuyo ankaseweretsa fumbi. Tiya anali kumbuyo kwenikweni, yekha, ndipo mtsikana wina atamuona Ellard anakodola mnzake n'kunena mosabisa, "Taona bambo ake a Wamuokala."

Mphunzitsi anali mayi wachikulire wa imvi, wamfupi, wa mawu aakulu ngati a mwamuna. Dzina lawo anali Mayi Helena. Anali atapuma kale ntchito, koma boma linawaitananso aphunzitsi atachepa, ndipo kalasi limeneli anali atangolilandira kumene. Pa buleki Ellard anawafotokozera zonse, maso ali pansi.

"Okala!" anatero Mayi Helena n'kuseka kachiphwete. "Bambo, ine ndagwira choko zaka makumi atatu. Ana ngati wanuyu ndawaona: ana a abusa, ana a apolisi, ana a anthu opanda ngakhale benchi logulitsirapo tomato. Nzeru zawo zinalowa mu okala ya ndani?"

"Nanga vuto lake n'chiyani, aphunzitsi?"

"Mutu wake umagwira zinthu mochedwa, ndipo zikabwera zambiri pakamodzi zimamugwa. Ndi mmene anabadwira. Sindikunamizani kuti adzakhala nambala wani, ayi. Koma choipa kwambiri si chimenecho. Mwanayu amaopa funso. Amayankha kuti athawe, osati kuti akhoze, chifukwa palibe amene anamudikirapo. Ine pano pa chigulu ichi sindingamudikire. Muzimubweretsa kwanga masana, ndimakhala kuseri kwa chigayo."

"Ndiye tizikuthokozani bwanji?"

"Mumagulitsa zakumwa? Muzinditolera zitsekerero za mabotolo. Basi."

Masana a tsiku lotsatira Ellard anamuperekeza yekha, zitsekerero zili jegwejegwe m'thumba la jekete. Anakhala pa mpando wandalema pakhonde, chipewa chili pabondo, kuonerera.

Mayi Helena sanatsekule buku. Anagwira dzanja la Tiya n'kulitambasula.

"Zala izi zikhala anzako. Ichi choyamba chimati, ima, puma. Tapuma tione. Eya, choncho. Chachiwiri chimati, andifunsa chiyani? Ubwereze funsolo ndi pakamwa pako. Chachitatu chimati, ndiyambire pati? Uzitenga chimodzichimodzi, osanyamula zonse pakamodzi. Chachinayi chimati, ndionenso. Ukafika pa chachinayi ndi pamene utsekule pakamwa kuyankha. Wina akakufulumizitsa, umuuze kuti, dikirani ndikuganiza."

Tiya anatong'ola maso. "Ngakhale wamkulu?"

"Ngakhale ahedi amene."

Mwana anaphimba pakamwa n'kuseka. Ellard anadzidzimuka. Anali ataiwala kuti mwana wake akamaseka amakhala ndi kadzenje patsaya.

Kenaka mayi aja anayamba iwo eni. Anadzifunsa okha kuti folo kuphatikiza thuu ndi zingati, n'kumayankhula mokweza ngati munthu wobwebweta. "Ndaima. Andifunsa chiyani? Folo ndi thuu zikakhala pamodzi. Ndiyambire pati? Ndiike folo kaye." Anaika zitsekerero zinayi, n'kuwonjezapo zitatu. "Seveni! Koma dikirani, ndionenso." Anawerenga, n'kuwomba m'manja. "Mayo ine! Ndaika zitatu m'malo mwa ziwiri. Chala chachinayi chandigwira. Ndi sikisi."

Tiya anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Mphunzitsi walakwa, ndipo palibe chikwapu chimene chagwa. Itafika nthawi yake, atamufunsa kuti sikisi kuphatikiza filii ndi zingati, Tiya anayamba kuthamanga monga mwa masiku onse, "Faifi! Eyiti!" Mayi Helena anangomugwira chala choyamba. Mwana anapuma. Zinamutengera nthawi yoti munthu akanatha kusenda chinangwa mbale yonse, ndipo Ellard miyendo inkamuyabwa kufuna kumunong'oneza. Koma pamapeto pake Tiya ananena yekha, motsitsa, "Naini." Inalidi naini.

"Wakuuza ndani?" anafunsa Mayi Helena.

"Palibe."

"Ndiye wapeza ndani?"

"Ine."

"Nena mokweza, chigayo chikusokosa."

"Ine!"

Potsanzikana, mayi aja anamukokera Ellard pambali. "Ndakuonani mukutekeseka pampando paja. Inu ntchito yanu ndi imodzi yokha, kudikira. Mukamufunsa kanthu, lumani lilime. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masabata atatu anadutsa. Zozizwitsa sizinachitike, tisanamizane. Kuwerenga kunali kukumuvutabe, ndipo masiku ena ankabwerako akulira. Koma tsiku lina Constance atamutuma kumsika, Tiya anaima pakhomo n'kubwereza, chinthu chilichonse pa chala chake: "Anyezi. Nyemba. Makala." Anabwera nazo zitatu zonse. Tsiku lina m'kalasi anakweza mkono. Tsiku linanso mayi wina wa nyumba yoyandikana atamukalipira kuti ayankhe msanga kumene amayi ake apita, Tiya anati, "Dikirani, ndikuganiza," ndipo mayiyo anatsala pang'ono kugwetsa ndowa. Ellard ankapita ku okala akuimba kamluzu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Miyezi yomweyo geni inali itayamba kudwala. Kwacha inkagwa, ndipo ku Limbe mitengo inkasintha sabata iliyonse, moti Ellard ankabwerako ndi katoni imodzi kumene kale ankabwerako ndi atatu. Mavenda nawo anali atadzaza pa siteji ya minibasi, akugulitsa sopo ndi machesi omwewo pamphasa. Ma okala onse a mumsewu umenewo ankalira. Koma anthu sankayang'ana ma okala onse, ankayang'ana ya Ellard.

Lachinayi lina m'mawa, chiperoni chikuwaza, azimayi awiri anabisala pakhonde la okala. Sanagule kanthu. Anayang'ana shelefu ya shuga imene inali mbee, n'kuyang'anana.

"Mwaona, asisi? Mwana wayamba kukhoza, katundu wayamba kutha."

"Nanga simukudziwa? Mankhwala akusuluka. Nzeru zikubwerera kwa mwini wake."

"Ndiye ankakana chiyani? Umboni ndi umenewu."

Anayankhula ngati Ellard ndi chitseko. Iye anagwira thabwa la kauntala mpaka zala kuchita dzanzi. Pofika Loweruka nkhani inali itazungulira msika wonse, ndipo ngakhale makasitomala akale ankadutsa atayang'ana kumbali. Lamulungu kutchalitchi benchi limene iye anakhalapo linatsala ndi malo a anthu atatu, pamene ena anaimirira kumbuyo. Munthu wa Mulungu, wobatizidwa ali khanda, lero anthu akumuthawa ngati wakhate! Anachita mantha Ellard, mantha enieni, chifukwa ankadziwa zimene zimachitikira nyumba ya munthu amene dera lonse lagwirizana kuti ndi mfiti.

Atabwerako anamuitana mwana wake.

"Tiya, kuyambira mawa usapitenso kwa Mayi Helena."

Anayembekezera kuti afunsa chifukwa, kapena alira. Mwana anangoyang'ana pansi n'kuyankha msangamsanga, "Eya, ababa." Ellard anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, akudzida.

Lachitatu masana Mayi Helena anatulukira pa okala ndi ambulera yawo yothyoka nthiti.

"Masiku atatu mwana sakubwera kwanga. Wadwala?"

"Ayi, ali bwino."

"Ndiye mwadwala ndinu."

"Aphunzitsi, inu simukudziwa zimene ndikukumana nazo."

"Ndikudziwa. Makutu ndili nawo, ndipo chigayo chili pakhomo panga. Mwasinthanitsa mwana ndi pakamwa pa anthu."

"Nditani nanga? Akalephera ndine mfiti. Akakhoza ndine mfiti."

"Poti konsekonse ndinu mfiti, bwanji osakhala mfiti ya mwana wodziwa kuwerenga?"

"Musaseke, mayi. Akamalephera anthu amangonong'ona. Akamakhoza akuti ali ndi umboni. Mukufuna adzandigende? Mukufuna adzatenthe nyumba mkazi wanga ali momwemo?"

Mayi Helena anapinda ambulera ija. Mawu awo anatsika. "Sindikuseka, bambo. Mantha anu ndi oona, ndipo sindingakuuzeni kuti anthu adzasiya. Koma ndikuuzeni chimene ndaona m'kalasi sabata ino. Wabwerera kumbuyo kuja. Mkono sakukwezanso. Mwana ameneyu anali atangoyamba kukhulupirira kuti m'mutu mwake muli kanthu. Mukamulanda chimenecho pano, sindikudziwa ngati adzakhulupiriranso munthu wina. M'mera mpoyamba."

"Ndamva."

"Simunamve. Koma khomo langa ndi lotsekula." Anatembenuka n'kumapita m'matope muja.

A Venansio sanadikire kuti temu ithe. Nkhani itawapeza ku Bangwe kumene ankakhala, anatumiza mawu kuti Lamulungu masana akubwera, ndipo nkhoswe ya kuchimuna ikhalepo. Anafika ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu n'kuchiika poonekera. A Rafaeli, mkulu wake wa Ellard amene anali nkhosweyo, anabwera kuchokera ku Machinjiri nsapato zili matope okhaokha. Anakhala pabwalo kuseri kwa nyumba, amuna pamipando, Constance pamkeka. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunali tsekeretsekere, anthu amene mwadzidzidzi anali ndi zochapa zambiri tsiku la Mulungu.

"Alamu," anayamba a Venansio, "ine sindinabwere kudzakangana. Mbumba ndi yanga, ikamalira ndimamva ndine. Poyamba anthu ankangonena, ine ndinati tiyeni tione. Tsopano akuti mwana wayamba kukhoza, ndipo nthawi yomweyo okala yayamba kuuma. Zikakhala zoona, mlandu wadziweruza wokha. Mwana aphunzire ndithu, koma ife tidziwe kuti tinapereka mlongo wathu kwa munthu wotani."

"Pang'onopang'ono, achimwene," anatero a Rafaeli. "Geni yavuta kwa aliyense chaka chino. Funsani wa okala aliyense."

"Aliyenseyo ali ndi mwana wotere? Galu wamkota sakandira pachabe. Ayankhe mwini wake."

A Rafaeli anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Ellard, tiuze. Mwanayu wasinthadi?"

Ellard anamva maso a kuseri kwa mpanda akumuboola pamsana. Kenaka anamva mawu ake omwe akutuluka.

"Sanasinthe. Ndi mmene analili. Anthu akungokokomeza."

Constance anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Ngati ndi choncho, palibe mlandu," anatero a Venansio akutambasula manja. "Dzina lanu layera, alamu. Koma ngati sanasinthe, sukulu ndi ya chiyani? Zaka zitatu kalasi limodzi! Ndimutenga lero lomwe, akathandize azakhali ake kumudzi, nkhani ithere pompo. Komabe tisamve za m'maluwa. Muitaneni timufunse tokha."

Constance anaitana. Tiya anatuluka m'nyumba n'kudzagwada pafumbi pafupi ndi mpando wa bambo ake, manja ali pamaondo.

A Rafaeli ndiwo anafunsa, mofatsa. "Tiya, amayi ako ali ndi nkhuku seveni. Ine ndawabweretsera zina faifi. Nkhuku zonse zakhala zingati?"

"Yankha msanga!" anakalipa a Venansio. "Tilibe tsiku lonse."

Phewa la mwana linakwera. Koma pakamwa sipanatseguke. Ellard, amene anali naye pafupi kuposa onse, anaona chala choyamba chikupindika pabondo. Anamumva akupuma. Chachiwiri chinapindika, milomo ikuyenda: "Nkhuku seveni, ndi zina faifi." Kenaka dzanja linatsikira pafumbi m'mbali mwa bondo, kumene a Venansio sankaona, n'kuyamba kulemba timizere. Tisanu ndi tiwiri. Kenaka tisanu. Anawerenga chonong'ona, "Teni, leveni, thwelofu." Anabwerezanso kuyambira poyamba, osadumpha ngakhale kamodzi. "Thwelofu."

Ellard anamva zonsezo. Wakhoza! Pamaso pa amalume ake okalipa, popanda zitsekerero, popanda mphunzitsi, mwana wake wakhoza. Chimwemwe ndi mantha zinamugwira nthawi imodzi.

Tiya anadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo ake. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafufuta timizere tija ndi chikhatho.

"Naini," anatero.

"Mwamva!" A Venansio anamenya bondo. "Naini! Chemwali, longedzani zovala zake."

Kuseri kwa mpanda wina anaseka. A Rafaeli anapumira m'mwamba, ngati munthu amene watula katundu. Zonse zinali zitatha bwino. Ellard ankangofunika kukhala chete, dzina lake n'kuyera, benchi la kutchalitchi n'kudzadzanso. Anayang'ana pafumbi pamene panali timizere paja. Panatsala chidindo cha kadzanja.

"Dikirani," anatero. Anatsika pampando n'kugwada pafumbi pomwepo, maso ake kulingana ndi a mwana. "Tiya, si zimene unapeza. Ndakumva ine. Wanamiranji?"

Mwana anatsinzina n'kukweza phewa.

"Sindikumenya, mwanangu. Ndiuze. Ndikudikira."

Misozi inatsika mbali zonse ziwiri. "Amayi a pampope anati ndikamakhoza okala ikufa. Anati ndikakhoza kwambiri anthu adzakuthamangitsani. Ndiye inu munati ndisapitenso kwa aphunzitsi." Anapukuta misozi ndi chikhatho. "Ndinaganiza, ababa. Ndinaonanso. Bola ndizilephera."

Ngakhale a kuseri kwa mpanda anasiya kuchapa kwawo kwabodza. Constance anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ellard anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Iye, bambo wa ndevu zake, anali atamukana mwana kuti adzipulumutse. Mwana amene dera lonse linkamutcha chitsiru anali ataganiza bwinobwino, chala ndi chala, n'kusankha kupita ku Phalombe kuti apulumutse bambo ake.

"Tamvera, Tiya," anatero, ndipo sanatsitse mawu. Anawakweza dala kuti adumphe mpanda. "Ndinanama ine. Wasintha, ndipo ndakhala ndikuona tsiku lililonse. Okala imeneyo ife. Ife lero lomwe ngati ikufuna. Ndinapalapo matabwa, ndikapalanso. Nena chimene unapeza."

"Ababa..."

"Nena, amve onse."

Mwana anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Thwelofu."

"Ellard, ukudziwa chimene wachita?" ananong'ona a Rafaeli.

A Venansio anali ataimirira kale. "Mwadzimvera nokha! Wavomera ndi pakamwa pake kuti okala ife kuti nzeru zibwerere. Ndinkanena ine! Chemwali, mwana uyu sagonanso m'nyumba ya munthu ameneyu. Bweretsani zovala."

Constance anadzuka pamkeka. Anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kupita pamene panali chikwama chija. Anachinyamula n'kuchipereka kwa mlongo wake ndi manja awiri, atapinda maondo mwaulemu.

"Achimwene, munanena nokha kuti akamakhoza aphunzire. Wakhoza. Chikwama chanu ichi."

"Ukundikana ine chifukwa cha mfiti?"

"Sindikukukanani. Koma ine ndi amene ndinayamba kumufunsa mwamunayu kuti mwana anamutani. Yankho ndalimva lero, ndipo landikwana. Mwana sapita."

A Venansio anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana a Rafaeli, n'kulanda chikwama chija. Pachipata anaima n'kuyankhula mokweza, osati kwa a m'nyumbamo koma kwa a kuseri kwa mpanda: "Mwamva nonse! Zikadzavuta musadzandiitane!" Mapazi anamveka akubalalika, aliyense kuthamangira kukakhala woyamba kufikitsa nkhani kumsika.

Ellard ankadziwa kuti pofika mawa Zingwangwa yonse idzakhala itamva kuti wavomera. Ankadziwa kuti dzina limenelo silidzamuchoka, ngakhale atasamukira ku Chilomoni, ndipo kuti masiku akubwerawo adzagona khutu lili kudenga kumvetsera miyala. Mantha anali akadalipo, sanapite kulikonse. Anakhala pansi pafumbi paja, n'kumukokera mwana wake pafupi.

"Mawa ukaweruka ndikuperekeza kwa Mayi Helena. Tidzera njira ya pampope."

"Akatiseka, ababa."

"Atiseke. Tandiuza kaye, nkhuku zija thwelofu, amalume ako akwiya, atenga zitatu. Zatsala zingati?"

A Rafaeli anatsekula pakamwa kuti amuthandize, koma Constance anawagwira mkono. Tiya anasalaza fumbi ndi chikhatho, n'kupinda chala choyamba.

"Dikirani, ababa."

"Usafulumire, mwanangu," anatero Ellard. "Ine sindikupita kulikonse."